KODI MIMBA YA MUNTHU NDI YACE YEKHA?

Mwana wa mlongo wanga, mnyamata amene anatsiriza sukulu napeza nchito ya ukalaliki ku Lusaka, anabwera kumudzi kwathu ku Katete kudzaona makolo ace. Amace, pofuna kumlandira bwino monga acitira amai onse, anaphika nsima ya mgaiwa ndi ndiwo za mfutso wa nkhwani wotendera, napha ndi nkhuku yomwe. Mnyamatayo anadya nkhuku, koma kambale ka mfutso anakakankhira kumbali, ndipo nsima anangotema mbamu ziwiri nasamba m'manja. M'mawa mwace anatuma mwana kusitolo kukagula buledi, cakumwa ca m'botolo, ndi thumba la ufa woyera uja auchula bulekifasi. Pamene ndinamfunsa cifukwa cace, anandiyankha mwaulemu ndithu, maso ali pansi, nati, "Amalume, musandiyese wamwano. Ndalama ndi zanga, ndinazigwirira nchito, ndipo mimba ndi yanga. Kodi ndalakwira yani ndikadya cimene mtima wanga ufuna?"

Tsiku limenelo ndinasowa comuyankha, pakuti funso lace silinali la cibwana. Ndakhala ndikulisinkhasinkha kuyambira pomwepo, ndipo ndifuna kuti tiliganizire pamodzi, makamaka inu anyamata ndi atsikana amene mwangosiya sukulu, amene posacedwa mudzayamba kugula cakudya ndi ndalama za thukuta lanu.

Tiyambe ndi kubvomera kuti m'mau a mnyamatayo muli zoona. Palibe mfumu inakhalapo pabwalo kuweruza mlandu wa munthu wokana therere. Pakamwa pa anthu mposiyana, ndipo cimene cikomera wina cinyansa mnzace. Ndiponso ife akulu tiri ndi cizolowezi coipa ca kuyesa kunyada cinthu ciri conse cacilendo, ngati kuti nzeru zonse zinatha ndi agogo athu. Buledi alibe mlandu. Ine ndemwe ndikampeza ndimadya, ndi tiyi wa shuga yemwe. Cifukwa cace sindidzanena kuti zakale zonse nzabwino ndi zatsopano zonse nzoipa, popeza tidzaona patsogolo kuti sizitero.

Koma takumbukani umo tinaphunzirira kudya. Tinali kukhala ana asanu kapena asanu ndi mmodzi mozungulira mbale imodzi ya nsima ndi kambale kamodzi ka ndiwo. Pamenepo panali malamulo osalembedwa: wamkulu ayambe kusamba m'manja, munthu ateme mbali yace yokha, ndipo wina akapita kubusa mbuzi amsungire gawo lace. Mwana wosusa ndiwo anali kulandira diso la amai, ndipo akapanda kumva, mthiko unali pafupi. Kodi anadzudzulidwa cifukwa mimba sinali yace? Iai, mimba inali yace ndithu, koma mbale sinali yace yekha. Tsono ine ndiyesa kuti munda, dambo, thengo ndi mtsinje ndizo mbale imene tonse tipisamo dzanja, ndipo ena a eni ace a mbaleyo sanafike, popeza sanabadwe. Ngati ziri tero, funso la mnyamata uja lisanduka lina. Tiyenera kufunsa kuti cakudya cimene aika m'mimbamo cimcitira ciani, cacokera kuti, ndipo kumene cacokerako kwatsala ciani.

Tisanapite kumunda, tione kaye thumba la ufa lija. Njere ya cimanga iri ndi mbali zitatu: khungu la kunja, kamtima kamene kamera pobzala, ndi mbali yoyera yaikulu imene iri kamba wa kamtimako pomera. M'khungu ndi m'kamtima ndimo muli mafuta, mavitamini ambiri, ndi zija zithandiza m'mimba kuyenda bwino. Mbali yoyerayo ipatsa mphamvu ya kugwira nchito, koma zina iri nazo pang'ono. Popanga bulekifasi makina acotsa khungu ndi kamtima, ndipo zocotsedwazo, ndiwo madeya, zigulitsidwa kwa oweta nkhuku ndi nkhumba. Motero munthu alipira ndalama zambiri kuti nkhumba idye conona ca cimanga cace. Ufa wa rola ucotsedwa pang'ono, ndipo mgaiwa sucotsedwa kanthu, koma ndiwo womwe ticita nao manyazi alendo akabwera.

Pano ndiyenera kunena cilungamo. Kukonda ufa woyera sikunayambe ndi makina. Amai athu anali kukonola cimanga mumtondo, kupeta gaga, kubviika mphale masiku angapo, ndi kusinja ufa woyera mbee. Ndipo mkazi wophika nsima yakuda anali kuyesedwa waulesi. Anali ndi cifukwa cao, pakuti ufa wokhala ndi mafuta ace sucedwa kuwawa ukakhalitsa. Mgaiwa ndiwo mwana wa cigayo, ndipo cigayo ncatsopano. Apa tsono cinthu catsopano cinaposa cakale pa kusunga ubwino wa cakudya.

Cimene cinapulumutsa makolo athu ndi ndiwo. Cimanga cinacokera ku Mexico, ndipo anthu a kumeneko aciphika m'madzi a laimu kapena a phulusa asanacipere. Njira imeneyi imasula vitamini wina, dzina lace niasini, amene m'cimanga akhala womangika kotero kuti thupi silingamtenge. Mbeu inaoloka nyanja, koma nzeruyo inatsala. Cifukwa cace kumene anthu osauka anadya cimanga cokha, monga ku Spain, ku Italy ndi kumwera kwa United States, kunabuka nthenda ya pelagra: khungu lida ndi kusupuka m'khosi ndi m'manja mmene mugunda dzuwa, m'mimba mutseguka, ndipo potsiriza mutu usokonezeka. Dokotala Joseph Goldberger ndiye anaonetsa, kuyambira mu 1914, kuti nthendayi si yopatsirana koma ya kadyedwe. Ndipo si nkhani ya kutali kokha. Mu 1990 anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique, amene anali kukhala ku Malawi, anakhala miyezi ingapo alikulandira ufa popanda nsawa zimene anali kulandira kale, ndipo oposa 18,000 anadwala pelagra. Nsawa zomwezo, zimene mlongo wanga anasinja natendera mfutso uja, ziri ndi niasini wambiri, ndipo mafuta ace athandiza thupi kutenga vitamini A wa m'masamba, amene asamalira maso. Agogo athu sanadziwe maina amenewa, koma kambale kao ka ndiwo kanali ndi zofunika zimene buledi ndi madzi a shuga a m'botolo ziribe.

Wina adzati, "Zimenezi zikhudza thupi la mwini wace yekha; akadwala nthenda ya shuga kapena ya kuthamanga kwa magazi, adzamva kuwawa ndi iye." Koma kodi munthu adwala yekha? Amdwazika ndani, ndipo ana ace adya ciani iye ali gone? Ndiponso mnyamata wa lero ndiye tate wa mawa, ndipo mwana adya cimene atate ace agula. Kawerengedwe ka za umoyo ka m'Zambia ka 2018 kanapeza kuti mwa ana 100 osakwana zaka zisanu, 35 anali opinimbira, ndiko kuti afupi kosayenera zaka zao. Si onse a ana amenewa agona ndi njala. Ena akhuta phala la ufa woyera ndi mcere tsiku ndi tsiku, koma thupi lao lisowa zomangira, zimene zikadapezeka m'supuni ya nsinjiro kapena m'kapenta wosinja wothira m'phalamo.

Tsopano tipite kumunda. Akulu amati mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Koma cimanga ndi mlendo amene anakhalitsa mpaka analowa ufumu. Cinafika ku Africa ndi zombo za Apwitikizi pambuyo pa caka ca 1500, monganso alendo anzace, nsawa ndi cinangwa, ndipo cinapeza eni nthaka ali mapira, mawere, nzama ndi khobwe. Kwa nthawi yaitali cinali mbeu imodzi mwa zambiri. Pamene Audrey Richards anasindikiza buku lace la kadyedwe ka Abemba mu 1939, nsima ya kumeneko inali ya mawere. Cimene cinakweza cimanga m'dziko muno ndi migodi ya mkuwa, pakuti anchito zikwi zambiri anafunika cakudya cosabvuta kunyamula pa sitima, kusunga ndi kugawa. Boma la atsamunda linacikonzera misika, ndipo pambuyo pa ufulu wa 1964 maboma athu anapitiriza. Bungwe la NAMBOARD linakhazikitsidwa mu 1969 kugula zokolola za alimi, makamaka cimanga, ndipo mu 2002 Boma linayamba kuthandiza alimi ang'ono ndi feteleza ndi mbeu pa mtengo wotsika, mbeu yace makamaka ya cimanga comweco. Mitima yathu inatsata. Lero munthu angakhute mbatata mpaka kulephera kuwerama, koma mukamfunsa adzati, "Lero sindinadye," popeza sanaone nsima ya cimanga. Ufa utakwera mtengo mu Disembala 1986 kunabuka cipolowe ku Migodi, ndi mu Juni 1990 ku Lusaka, anthu nafa. Sindinena izi monyoza, pakuti njala siseweretsa. Ndingoonetsa umo dziko lathunthu linaimirira pa mwendo umodzi.

Caka ca 2024 mwendowo unagwedezeka. Mvula inayamba, anthu nabzala, koma m'Januwale ndi Febuluwale inadula masabata ambiri, nthawi yomweyo imene cimanga citulutsa ngayaye ndi kufuna madzi koposa. Pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko liri pa tsoka, nanena kuti mwa mahekitala 2.2 miliyoni obzalidwa cimanga, pafupifupi 1 miliyoni anaonongeka. Dziko linakolola matani 1.5 miliyoni okha, pamene caka cam'mbuyo linakolola oposa 3 miliyoni. Mapira akasowa madzi apinda masamba nadikira, ndipo mvula ikabwera adzuka. Cinangwa cikhala m'nthaka ngati nkhokwe yosafuna denga. Khobwe sacedwa kupsa. Koma cimanga cikaphonya masiku ace omasula, capita. Mu 2025 mvula inagwa bwino, nkhokwe zinadzala, ndipo ambiri a ife taiwala kale.

Ndinafunsa mlongo wanga cifukwa cace sabzalanso mapira monga anacitira amai athu. Anaseka nati, "Alongo, mbalame adzaingitsa ndani, ana ali kusukulu? Ndipo ndikakolola adzagula ndani? Angakhale mwana wanga yemwe sangaidye nsima yace." Mau amenewa andithandiza kuona kuti mlimi sabzala cimene afuna iye yekha, koma cimene wogula afuna. Dzanja lotulutsa ndalama pamsika wa ku Lusaka ligwiranso khasu ku Katete, ngakhale mwini dzanjalo sadziwa. Kalaliki akafuna ufa wa mapira, nzama, khobwe ndi mfutso, wamalonda adzazifuna kumudzi, ndipo mlimi adzazipatsa malo m'munda. Akazinyoza, mbeu zace zidzatha m'zikwatu za amai okalamba, ndipo tsiku la cilala tidzazifuna osazipeza.

Munda wa amai anga unali wosalongosoka m'maso mwa wophunzira. Pakati pa cimanga panali nyemba, maungu anayanga pansi, m'mbali munali nsawa ndi therere, ndipo bonongwe ndi luni zomera zokha sanali kuzizula zonse popalira. Lero tidziwa ubwino wace. Mukazula nsawa kapena nyemba muona timatuza pa mizu. M'menemo mukhala tizirombo tosaoneka ndi maso timene titenga naitrojeni mumpweya, ndiye cakudya cija ca mbeu cimene tigula ndi ndalama m'thumba la yuriya. Masamba a maungu aphimba nthaka kuti isaume msanga kapena kukokoloka. Ndipo mtengo wa msangu, umene uyoyola masamba m'dzinja nuphuka m'cirimwe, unonetsa nthaka osaika mthunzi pa mbeu. M'munda wotere cimene cikomera thupi cikomeranso nthaka, ndipo kukadakhala kotero pa zakudya zonse, nkhani yathu ikadathera pano.

Koma sizitero, ndipo apa ife a kumudzi tisadziyese olungama. Ife a Kum'mawa tidziwika ndi mbewa, ndipo Abemba, amene ticita nao cimbuya, saleka kutiseka nazo monga ife tiwaseka ndi anyani. Mbewa ndi ndiwo yabwino yomanga thupi, ndipo kuzikumba kucepetsa zoononga za m'munda. Koma tizipeza bwanji? M'Sepitembala ndi Okutobala, udzu utauma gwa, anyamata atentha thengo kuti mauna aoneke. Motowo ulowa m'minda nudya mapesi amene akadaola ndi kubwezera mphamvu m'nthaka, nukwera m'phiri, ndipo cifukwa ca mpani umodzi wa mbewa phiri lonse lipsa. Ku Ndola, kuyambira m'zaka za m'ma 1930, anchito a za nkhalango anapatula zigawo za thengo. Cina anacitentha caka ndi caka mocedwa, dzuwa litakula. Cina anacitentha msanga, udzu ukali ndi cinyezi. Cina sanacitenthe konse. Colin Trapnell anasindikiza zopezeka mu 1959: moto wocedwa unaononga mitengo ya mtundu wa mombo ndi mtondo, koma kumene anatentha msanga thengo linakhalabe. Tsono mitengo imeneyi ndiyo nkhokwe ya ndiwo zina. Bowa wambiri wa m'thengo akhala pamodzi ndi mizu yace, ndipo mitengo ikatha iyenso atha. Njuci zitenga uci pa maluwa ace, ndipo matondo adya masamba ace. M'madera ena anthu anali kudikira mfumu kuti itsegule nyengo ya kutola matondo, ndipo anali kutola osaononga mtengo. Tsopano, popeza agulika bwino m'tauni, ena angogwetsa mtengo wonse kuti adzaze cidebe msanga. Adzatola kuti caka camawa?

Comweconso ndi cikanda. Kale cinali cakudya ca kumidzi ya kumpoto. Tsopano cikondedwa m'misika ya Lusaka ndi pa maphwando a olemera. Cipangidwa ndi nsawa pamodzi ndi timizu tozungulira ta maluwa ena a m'madambo, ndipo wokumba akatenga kamuzu, duwa lafa. Maluwawo anacepa m'madambo athu, kotero kuti amalonda atenga timizuto ku maiko oyandikana nafe, makamaka ku mapiri a kumwera kwa Tanzania, kumene Boma linapatula dera la Kitulo mu 2005 kuteteza maluwa ace. Taonani tsono cakudya ca makolo, cosapita m'makina, cokoma ndithu, koma kucikonda kwathu kwa tsiku ndi tsiku kulikupha gwero lace. Mwambi uti nkhuyu zodya ana zipota akulu; masiku ano nkhuyu alikudya ndi akulu, ndipo zidzapota ana.

Pali cinanso cobvuta, cimene anandiphunzitsa mai wina wa m'komboni ku Lusaka. Ndinali kutama nyemba pamaso pace, kuti zimanga thupi, zinonetsa munda, ndipo mtengo wace ngwocepa poyerekeza ndi nyama. Anandiyang'ana nati, "Atate, kodi mudziwa mtengo wa makala?" Ndinakhala cete. Nyemba zouma zifuna maola awiri kapena atatu pa mbaula. Magetsi athu ambiri acokera ku mphamvu ya madzi, ndipo cilala ca 2024 citatsitsa madzi m'nyanja ya Kariba, m'malo ambiri magetsi anali kuzima maola 20 kapena kuposa pa tsiku, kotero kuti angakhale eni masitovu anatembenukira ku makala. Makalawo ndiyo mitengo ija ya mombo ndi mtondo, yolowa m'tauni m'matumba pa njinga ndi pa malole. Motero mphika wa nyemba, wabwino ku thupi ndi ku munda, ungadye mtengo m'phiri. Njira zocepetsa moto ziripo, ndipo nzosafuna ndalama: kubviika nyemba usiku wonse, kubvundikira mphika, kukonza cipere cimene sicicedwa kupsa, kapena kuwiritsa nyemba kolimba mphindi 20 ndi kukulunga mphikawo m'bulangeti mkati mwa dengu kuti zipse ndi kutentha kwace komwe. Koma funso la maiyo linali lalikulu kuposa njira za kaphikidwe.

Mai ameneyo agula ufa wa pamela, kathumba ka tsiku limodzi, ndi ndiwo imene ndalama yace ifikira. Kumlalikira za kusankha cakudya ndiko kumtonza, pakuti iye sasankha. Mnyamata wotentha makala kuti apeze ndalama za yunifolomu ya mng'ono wace sindingamweruze ine ndiri wokhuta. Ndiponso nzoona kuti kutentha kwa dziko lapansi, kumene kulikusokoneza nyengo, kwacokera makamaka ku utsi wa maiko olemera, ndi kuti Boma ndi eni zigayo zazikulu ali ndi mphamvu pa nkhaniyi yoposa ya munthu mmodzi ndi mbale yace. Zonsezi ndizibvomera. Koma phiri la kuseri kwa mudzi wathu sanalitenthe anthu a ku Europe, ndipo ine ndiyesa kuti mlandu wa munthu ukula monga mwa kukula kwa ufulu wace wa kusankha. Ndico cifukwa cace ndilankhula ndi inu ophunzira. Mwezi ukatha mudzakhala ndi kanthu m'thumba, mudzaima m'sitolo pamaso pa mitundu iwiri kapena itatu ya ufa, ndipo palibe cokukakamizani kutenga uwu kapena uwo koma mtima wanu.

Ndipo muli ndi mphamvu ina imene kapena simuizindikira. M'mudzi anthu ayang'ana wophunzira kuti adziwe cimene ciri caulemu ndi cimene ciri camanyazi. Mu 2012 m'Zambia munatulutsidwa mitundu ya cimanga cofiirira cokhala ndi vitamini A wambiri, cothandiza ana. Koma ocifalitsa anayenera kulimbana ndi maganizo a anthu pa maonekedwe ace, popeza ambiri anali kukumbukira cimanga cacikasu ca cithandizo ca m'zaka za njala, monga 1992, ndipo kwa iwo cimanga cosayera cinali cizindikiro ca kubvutika. Cakudya cingakhale cabwino motani, anthu akacita naco manyazi sacidya. Manyaziwo lamulo silingawacotse, pakuti sanapangidwe ndi lamulo. Apangidwa pamphasa, pamene mlendo wa ku tauni akankhira kumbali kambale ka mfutso ana alikuona.

Tsiku lija pamphasa panali ana. Patapita masiku awiri, mlongo wace wamng'ono wa mnyamata uja, mtsikana wa zaka zisanu ndi ziwiri amene kale anali kunyambita ndi kambale komwe, anakana mfutso. Amace atamfunsa, anati, "Ndi ndiwo za anthu osaphunzira." Palibe anamuuza mau amenewo, anangoona dzanja la mlongo wace amene amlemekeza koposa onse. M'nyumba imeneyo buledi afika pokhapokha mlendo akabwera. Kuyambira m'cirimwe kufikira nkhwani waphuka, ndiwo ya masamba yodalirika ndi mfutso womwewo, ndipo mwana woukana adzadya nsima ndi mcere.

Madzulo ace ndinamtenga mnyamatayo kupita naye ku dimba, ndipo m'njira ndinamuuza zimene ananena mlongo wace. Sindinamlalikire za niasini kapena za nyanja ya Kariba. Anayenda nthawi yaitali osayankha, alikuthyolathyola kaudzu, ndipo pobwera anati, "Amalume, za mwanayo zandipweteka. Koma za ufa musandikakamize; mgaiwa undikanda pakhosi, ndipo anzanga amene ndikhala nao nyumba imodzi sangaulole." Ndinati ndamva, pakuti munthu samkoka ndi cingwe ku mbale.

Usiku wotsiriza anakana kudyera patebulo pamene anamuikira, nakhala pansi pamodzi ndi ana. Anatema mbamu, naipisa m'kambale ka mfutso, nadya, nabwerezanso. Mtsikana uja anamyang'ana kanthawi, kenaka anatambasula dzanja. M'mawa, popita kokwerera basi, mnyamatayo anasiya thumba la bulekifasi lotsala theka, ndipo amace anamuikira m'cola cikwatu ca mfutso ndi nsawa zokwana mbale ziwiri. Iye anaziika pansi penipeni, naphimba ndi malaya, ndipo ine ndinacita ngati sindinaone. Basi iri kudza amace anali cimuuzirebe kuti ayambe wabviika mfutsowo m'madzi ofunda, kuti asathire soda wambiri, ndi kuti nsawa zacuku azitaya asanasinje.